MOTO WA M'MINOFU YA WOTHAMANGA

Lero tikambe za liwiro.

M'caka ca 2018, pa bwalo la University of Pretoria, mnyamata Clarence Munyai anathamanga mamita 200 m'masekondi 19.69, napambana liwiro lonse limene anthu a ku South Africa anafikapo kale pa mtunda umenewo. Akani Simbine, amene anaphunzira pa sukulu yomweyo, anatha mamita 100 m'masekondi 9.82 ku Paris m'caka ca 2024. Kodi mphamvu yotere icokera kuti, ndipo itheranji msanga?

Mnofu usonkha moto wace ndi nkhuni za mitundu itatu. Zoyamba azicha ATP. Zimenezi zinga udzu wouma: zilirima pomwepo, koma zikadakhala zokha zikadatha m'masekondi awiri kapena atatu. Zaciwiri ndizo phosphocreatine, zimene zibwezera ATP mofulumira osadikira mpweya wa m'mapapo. Koma pofika masekondi khumi zatsala pang'ono. Zacitatu ndizo glycogen, ndiye shuga wosungidwa m'mnofu, wocokera ku zakudya monga nsima ndi mbatata. Mnofu ukaphwanya shugayu mwacangu, mucuruka lactate pamodzi ndi asidi, ndipo asidiyo ndi zotsala za phosphocreatine zifooketsa kukoka kwa mnofu.

Ndico cifukwa cace ngakhale akatswiri acepetsa liwiro poyandikira mapeto. Iye amene tiyesa kuti akuonjeza liwiro, kawirikawiri ndiye amene liwiro lace likucepa pang'ono kuposa la anzace.

Tsono mau kwa inu aphunzitsi. Mwana akathamanga ndi mphamvu zace zonse, theka la phosphocreatine yotayika libwerera patapita masekondi ngati 30, koma kuti nkhokwe idzalenso pafunika mphindi zitatu kufikira zisanu. Mukambweza pa mzere asanapume, adzathamanga mofooka, ndipo mudzamnenera ulesi pamene iye alibe mlandu. Mlekeni apume.

Creatine thupi lidzipangira lokha m'impso ndi m'ciwindi, ndipo yina tiipeza m'nsomba ndi m'nyama. Kuwawa kwa miyendo m'mawa mwace sikucokera ku lactate ai, pakuti iyo icoka m'mwazi patapita ngati ora limodzi. Kucokera ku timabala tating'onoting'ono ta m'mnofu, timene tipola tokha m'masiku owerengeka.