Mlimi akadwala nthawi yopalira, amalipira ndani?

Malungo sasankha nyengo yabwino. Amakonda kugwira munthu mu Januwale ndi Febuluwale, pamene udzu wavuta m'munda, nkhokwe yatha ndipo m'thumba mulibe kanthu. Sabata imodzi yogona pamphasa nthawi imeneyi imaonekera pokolola. Nchifukwa chake mlimi aliyense ayenera kudziwa malo omwe angalandire thandizo laulere ndi malo omwe angauzidwe kuti alipire.

M'maiko ena nkhaniyi njovuta. Ku America, lamulo la mu 2025 likuti pofika Januwale 2027 akuluakulu ambiri osauka omwe amathandizidwa ndi ndondomeko ya boma ya Medicaid azionetsa umboni woti agwira ntchito, aphunzira kapena athandiza m'dera lawo maola 80 pamwezi. Amayi oyembekezera, olumala ndi olera ana aang'ono sakukhudzidwa. Dera la Arkansas litayesa zoterezi mu 2018, anthu oposa 18,000 anachotsedwa m'kaundula, ena mwa iwo ogwira ntchito ndithu, koma mapepala ndiwo anawakanika.

Tangoganizani lamulo lotere litafika kuno. Mayi wogulitsa zipatso ndi kachewere mumsewu wa ku Chawe, mnyamata wotsika phiri la Zomba ndi mtolo wa nkhuni panjinga, mlimi wa mpunga ku Likangala kapena msodzi wa ku Kachulu angakatenge kuti kalata ya bwana? Khasu silisayina pepala.

Mwamwayi, kuno kwathu zipatala za boma sizifunsa ngati muli pantchito. Ku chipatala chachikulu cha Zomba, ku Domasi ndi m'zipatala zazing'ono za boma thandizo ndi laulere, kupatula chigawo cholipira chomwe munthu amachita kusankha yekha. Vuto lodziwika ndi kusowa kwa mankhwala, komwe kumachititsa odwala kukagula okha m'tauni.

Zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, monga St Luke's ku Malosa ndi Pirimiti, zimalipiritsa. Koma kuyambira mu 2006 boma lakhala likuchita mgwirizano ndi zipatala zambiri zotere kuti lizilipirira amayi oyembekezera ndi makanda, ndipo kwina ana osakwana zaka zisanu. Mgwirizanowu umasiyana chipatala ndi chipatala, komanso nthawi zina umaima boma likachedwa kupereka ndalama. Choncho funsiranitu kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu tsiku lochira lisanayandikire. Katemera wa ana, mankhwala a TB ndi ma ARV salipiritsa.

Apo pamene ntchito imalowapo ndi pa inshulansi. Mabungwe monga MASM amathandiza makamaka anthu olembedwa ntchito, omwe amadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi. Mlimi wamba ndi waganyu kawirikawiri sakhalamo.

Inu ogwira ntchito m'maesiteti, m'nkhalango ndi m'makina ochekera matabwa, malamulo awiri a mu 2000 amakutetezani. Lamulo la zantchito limati amene wagwira miyezi 12 mosadukiza akadwala ali ndi ufulu wa masabata anayi a malipiro athunthu ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro pachaka, bola akhale ndi kalata ya dokotala. Lamulo la chipukutamisozi limati wovulala pantchito alipiridwe ndi bwana wake, kuphatikizapo ndalama za kuchipatala. Ngozi ikachitika, ikanenedwe msanga ku ofesi ya zantchito.

Langizo lathu ndi ili: pogulitsa mbewu, patulani kangachepe ka matenda monga momwe mumapatulira ka feteleza, kaya kubanki m'khonde kaya posunga mbuzi imodzi. Buku la kuchipatala ndi chiphaso cha unzika zikhale pamalo ouma, odziwika kwa onse pabanja. Thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kutaya tsiku limodzi pamzere kuli bwino kusiyana ndi kutaya munda wonse ku udzu.