Kamba ndi Mbuna M'thanki Imodzi

Mnzanga wina kuno ku Nguludi ankasunga mbuna zisanu ndi imodzi m'thanki yagalasi. Tsiku lina anatola kamba wam'madzi kudambo n'kumuponya momwemo. Nditamuletsa anandiyankha kuti, "Nanga kunyanja sizikhalira limodzi?"

N'zoona kuti m'nyanja ya Malawi muli nkhasi, kamba wachigoba chofewa amene amadzikwirira mumchenga n'kumadya nkhono ndi nsomba. Koma mbuna zimakhala m'miyala, ndipo mdani akayandikira zimalowa m'ming'alu. Nyanjayo kutalika kwake kumaposa makilomita 500, pomwe thanki ya mnzangayo sinkakwana ngakhale mita imodzi.

Vuto lalikulu, m'kuona kwanga, ndi madzi. Kamba amamwaza chakudya, ndipo ndowe zake zimachulukitsa amoniya amene amawononga ziwalo zopumira za nsomba. Mwiniwake zimenezi sizimukhudza kwambiri chifukwa amapuma mpweya wakunja. Komanso mbuna yaikazi imafungatira mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu osadya, ndipo ikamathamangitsidwa imatha kuwalavula.

Patatha masabata awiri mbuna zinatsala zinayi, ina italumidwa kumchira. Kambayo tinakamubweza kudambo.