Zithunzi Zosonyeza Njira za m'Kompyuta

Mu April caka ca 2020, pamene matenda a Covid-19 anatseketsa malo ambiri a nchito, bwanamkubwa wa cigawo ca New Jersey ku America, a Phil Murphy, anapempha anthu odziwa cinenero ca makompyuta cochedwa COBOL kuti adzathandize boma. Makina olipira ndalama kwa anthu ocotsedwa nchito anali kulephera, ndipo odziwa za m'kati mwake anali atacepa, pakuti cineneroco ndi cakale, cinayamba mu 1959.

Kompyuta siganiza yokha. Imatsata malangizo olembedwa ndi anthu, ochedwa pulogalamu, monga aja amene amayendetsa ndalama zotumizidwa pa foni. Mapulogalamu aakulu ali ndi mizera mamiliyoni, kotero kuti palibe munthu angathe kuisunga yonse m'mutu. Wolemba akamwalira kapena akapuma pa nchito osasiya cithunzi, otsala amakhala ngati ana amene atate awo anapita osawasonyeza malire a munda.

Ici ndico cifukwa cake akatswiri amayamba ajambula asanalembe. Mu 1947, a Herman Goldstine ndi a John von Neumann a ku Princeton anasonyeza kajambulidwe ka njira ya pulogalamu. Bokosi limaimira cinthu coyenera kucitidwa, mubvi umaloza kopita, ndipo bokosi loima pa ngodya imodzi limaimira funso. Funso lingakhale lakuti: kodi mlimi wabweza ngongole ya feteleza? Ngati inde, mubvi umapita ku bokosi lomupatsa ngongole ina; ngati iai, umapita ku lomulembera kalata. Pamphambano pamene paiwalika mubvi, pomwepo mpamene makina adzasokonezeka, ndipo diso limaona msanga colakwaco papepala.

Kwa zaka zambiri gulu lililonse linali ndi zizindikilo zake, mwakuti cithunzi ca wina cinali cobvuta kwa mnzake. Tsono a Grady Booch, a James Rumbaugh ndi a Ivar Jacobson anaphatikiza njira zao napanga imodzi yochedwa UML, imene inabvomerezedwa mu 1997.

Nanga ngati cithunzi palibe, ndipo ngakhale zolemba zoyamba zinasowa? Apa mmisiri amayamba ku mapeto kubwerera ku ciyambi, monga mlenje alondola mapazi a nyama kufikira pamene inagona. Amatenga pulogalamu imene ili m'makina, yokhala manambala okhaokha, naipatsa ku cipangizo cimene cimaimasula ndi kujambula mabokosi ndi mibvi yake. Cimodzi mwa zipangizo zotere ndi Ghidra, cimene bungwe la zacitetezo la ku America, National Security Agency, linapereka kwaulere mu 2019. Ndi njira yomweyi akatswiri amafufuza mapulogalamu oipa a mbala kuti adziwe cimene amaba ndi kumene amatumiza.

Komabe cipangizo cili ndi polekezera. Cingasonyeze kumene mubvi uloza, koma sicinganene cifukwa cimene wolemba anasankhira njira imeneyo. Izi mmisiri amacita kulingalira yekha kwa masabata kapena miyezi, ndipo nthawi imeneyi ndi ndalama. Motero bungwe logula pulogalamu licita bwino kufunsanso zithunzi zake, ndi kuonetsetsa kuti zikukonzedwa nthawi iliyonse pulogalamuyo ikasinthidwa, pakuti cithunzi cakale cimasoceretsa monga mapu a mseu umene unakokoloka ndi madzi.