Misozi ya ku Zikilagi

Lero ndikulankhula ndi inu amene mtima wasweka chifukwa cha nkhanza za anthu. Mwina achibale a malemu amuna anu adakulandani nyumba maliro atangotha. Mwina mbava zidathyola golosale yanu n'kusesa zonse. Tsegulani nane 1 Samueli 30.

Davide ndi asilikali ake 600 atabwerera kwawo ku Zikilagi, adapeza mudzi uli phulusa lokhalokha. Aamaleki adali atauotcha, atatenga akazi ndi ana. Amuna ankhondowo adalira mpaka mphamvu zolirira kuwathera. Tamvetsani apa, abale anga: Mulungu sadawadzudzule. Misozi si tchimo ayi. Wina asakunamizeni kuti Mkhristu wodzazidwa ndi Mzimu salira.

Kenaka zidafika poipa. Anzake omwewo adayamba kupangana zomuponya miyala Davide. Mukuona? Mtima wosweka umafuna woti umuloze chala. Koma Davide, amene akazi ake awiri adatengedwanso, sadabwezere. Adapeza mphamvu mwa Mulungu wake, n'kuitana wansembe Abiyatara kuti afunse kwa Yehova chochita. Adayamba wapemphera asanagwire lupanga. Aleluya!

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mugwire. Pa mtsinje wa Besori amuna 200 adatsala chifukwa chotopa, 400 adapitirira. M'thengo adapeza mnyamata wa ku Igupto, kapolo wa Mwamaleki, amene mbuye wake adamtaya atadwala. Masiku atatu osadya, osamwa. Anthu othamangira ana awo akadatha kungomulambalala. Koma adaima, adampatsa madzi, buledi, nkhuyu ndi mphesa zouma. Mnyamata yemweyo ndiye adawalondolera kumene kudali adani, ndipo Davide adapulumutsa onse, osasowa ndi mmodzi yemwe.

Sindikukulonjezani kuti chilichonse chidzabwerera mawa m'mawa. Ena adzapukutidwa misozi pa tsiku lomaliza, monga Chivumbulutso 21 chikutiuzira. Chimene ndikunena n'chakuti njira ya chitonthozo chanu ingadzere pa munthu wina wotayidwa. Mayi anga, bambo anga, lirani ndithu, pempherani, kenaka mudzuke mukaone wodwala uja wa pafupi nanu, mumutengere ngakhale phala.

Ikani dzanja pamtima, tipemphere. Atate, gwirani mwana wanu wosweka mtimayu, mumulimbitse monga mudalimbitsira Davide. M'dzina la Yesu, ameni.