Zimene timataya ku Chilobwe zimakafika kwa mbalame za kudambo

Mvula yoyamba ikayandikira, anamzeze amadzaza pa mawaya a magetsi kuno ku Chilobwe. Ana amawaponyera legeni osadziwa kuti ena mwa iwo ndi alendo ochokera kutali, ku Ulaya, amene amawoloka chipululu cha Sahara pothawa chisanu. Adokowe oyera nawonso amayenda ulendo womwewo. Zikafika kuno, mbalamezi zimadalira madambo kuti zipume ndi kupeza chakudya.

Madambo awiri a m'dziko muno ndi odziwika padziko lonse pansi pa pangano loteteza madambo limene linasainidwa ku Ramsar, m'dziko la Iran, mu 1971. Loyamba ndi Nyanja ya Chilwa, imene yazunguliridwa ndi maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Lachiwiri ndi Elephant Marsh, m'chigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje, limene linalowa m'ndandandawu mu 2017. M'malo otere mumakhala atsekwe, akakowa, avuwo ndi mbalame zina zambiri. Madambo ndiwonso kwawo kwa crane, mbalame yaitali miyendo imene mtundu wake wa chisoti kumutu uli pa mbendera ya Uganda. Imamanga chisa pansi, m'udzu wa m'madzi, ndipo imaikira mazira ochepa. Dambo likauma kapena likapsa, anapiye ake sapulumuka. N'chifukwa chake lero ili m'gulu la mbalame zimene zikhoza kutha.

Mwina mukufunsa kuti ife a m'tauni zikutikhudza bwanji. Madzi a mitsinje ya mu Blantyre, monga Mudi, amatsikira ku Shire, ndipo Shire ndiye amadyetsa Elephant Marsh. Majumbo, matewera ndi mafuta a galimoto amene timataya m'ngalande amatsata njira yomweyo. Mitengo ikatha m'phiri la Soche, dothi limakokoloka n'kukakwirira mitsinje. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa za ukali wa madzi ochokera m'phiri: tinaika abale athu m'manda namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023.

Nayo Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosazama. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka matope. Ikaphwa, matemba amasowa pamsika, ndipo asodzi ambiri amayamba kukola mbalame kuti apeze ndalama.

Apa pali nkhani ya umoyo. Alenje ena amagwiritsa ntchito misampha, koma ena amathira mankhwala a m'munda pa mpunga kapena pa chimanga. Mbalame ikakazingidwa, simungadziwe mmene inafera. Mwana akadya n'kuyamba kusanza, kuchucha malovu ndi kutuluka thukuta kwambiri, thamangirani naye kuchipatala, osayamba mwamumwetsa mkaka kapena kumusanzitsa. Mbalame yamoyo ili ndi phindu loposa ndiwo za tsiku limodzi, pakuti adokowe ndi akakowa amadya dzombe, ziwala ndi mbozi za m'minda.

Tsiku lokumbukira mbalame zosamukasamuka limagwa Loweruka lachiwiri la Meyi ndi la Okutobala, ndiye kuti pa Sabata. Masana ake tengani ana mupite nawo ku damu la Chimwankhunda. Legeni itsale kunyumba. Awerenge mitundu ya mbalame imene aione, ailembe m'kope, ndipo chaka chamawa mudzabwerenso kudzafananiza.