Lamulo la okalamba lilipo, nanga ku Thekerani lidzafika liti?

Mwana amene anabadwa mu 1964, chaka chimene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, anakwanitsa zaka 60 mu 2024. Chaka chomwechonso ndi chimene aphungu ku Nyumba ya Malamulo anavomereza lamulo loyamba loona za anthu okalamba, lija akulitcha Older Persons Act. Tangoganizani. Munthu kuchokera kumsana kwa mayi wake mpaka imvi mbuu, boma lisanalembe bwinobwino zimene liyenera kumuchitira akakalamba.

Komabe lafika, ndipo si lamulo loipa ayi. Aphungu analivomereza mwezi wa April 2024, ndipo a Lazarus Chakwera, omwe anali mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, analisainira. Likuti wokalamba ndi munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo. Likukhazikitsa komiti yaikulu yolumikizitsa ntchito zonse zothandiza achikulire, likuika ndondomeko yoti mabungwe ndi nyumba zosungirako okalamba azitsata, likuti kuzunza wokalamba ndi mlandu, ndiponso likutsegula njira yoti boma lizipereka kangachepe mwezi ndi mwezi kwa agogo athu.

Papepala zonsezi n'zokoma. Tsono tiyeni tilitenge lamuloli tikwere nalo minibasi pa Limbe, tidutse pa boma la Thyolo, tipitirire pa Makwasa, tikatsike nalo pa Thekerani, kumapiri kuja koyang'anana ndi mtsinje wa Ruo. Ku Capital Hill lamulo lililonse limaoneka lamphamvu. Kumene limaonekera ngati lili ndi miyendo ndi kumalo ngati kumeneku.

Choyamba tidziwe kuti wokalamba wa ku Thekerani ndani. Ambiri ndi ana ndi zidzukulu za Alomwe omwe anaoloka kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, n'kupeza malo abwino atagwidwa kale ndi azungu. Tiyi anayamba kudzalidwa ku Thyolo mu 1908. Wofuna pokhala ankalipira ndi thukuta lake, ndiye thangata uja, amene anathetsedwa mu 1962. Amene ali ndi zaka 70 kapena 80 lero anabadwira m'nyumba za anthu a thangata. Atakula, kamunda kunali kochepa komanso kotsetsereka, ndiye ambiri analowa m'maesiteti, dengu kumsana, kuthyola tiyi mvula ili pamutu.

Apa ndi pamene pali nkhani. Ntchito ya tiyi ndi ya nyengo. Mvula ikagwa masamba amachuluka, anthu amalembedwa ambiri. Chilimwe chikafika, ambiri amauzidwa kuti abakapuma kunyumba. Munthu akhoza kugwira chonchi zaka 30, chaka ndi chaka kulembedwa ngati wachilendo. Ndipo chisanafike chaka cha 2011, panalibe lamulo lokakamiza bwana aliyense kusungira wantchito penshoni. Lamulo la penshoni la 2011 ndi limene linati bwana aziika 10 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro, wantchito naye 5 kwacha. Koma linadza mochedwa kwa mbadwo umenewu, ndipo ngakhale pamene linkayamba, antchito a nyengo, matenanti ndi antchito apakhomo anasiyidwa kunja. Mayi amene tiyi wake anamwedwa ku London kwa zaka zonsezi anatuluka ndi msana wopindika basi.

Penshoni yeniyeni ya munthu wa ku Thekerani inali nthochi. Amene munakulira mu Limbe mukukumbukira malole odzaza mikoko ya nthochi kuchokera ku Thekerani ndi ku Masambanjati. Nthochi sifuna mphamvu zambiri. Nkhalamba imatha kudula mkoko umodzi, kugulitsa, n'kupeza ya mchere, sopo ndi chigayo. Matenda a chisaka anabwera n'kupululutsa minda, mpaka alangizi kumauza anthu kuti azule zonse ayambirenso. Wachinyamata akhoza kuyambiranso. Wa zaka 75 ayambira pati? Kenaka mu March 2023 namondwe wa Freddy anakokolola zotsala, minda ndi nyumba zomwe.

Penshoni ina inali ana. Imeneyonso Edzi inadya. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba ntchito ku Thyolo mu 1997, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kumeneko mu 2003, koma pofika nthawi imeneyo manda anali atadzaza kale ndi anthu a zaka zogwira ntchito. Agogo omwe ankayembekeza kusamalidwa ndi amene analera ana amasiye. Ena mwa inu amene mukuwerenga nkhani ino muli ku koleji, kapena muli pa benchi yanu mumsika, munaleredwa ndi anganga otere. Mukudziwa zimene ndikunena.

Wina anena kuti: nanga si kuli Mtukula Pakhomo? Eya, uliko. Unayamba ngati choyesera ku Mchinji mu 2006 ndipo unafalikira m'maboma onse. Koma Mtukula Pakhomo si penshoni ya okalamba. Unapangidwa kuti uzithandiza banja, osati munthu, ndipo muyeso wake unali mabanja 10 pa 100 alionse, osaukitsitsa komanso opanda wogwira ntchito. M'mudzi momwe pafupifupi aliyense ndi wosauka, kusankha 10 pa 100 ndi kuyambitsa chidani. Amayi awiri okalamba, nyumba zoyandikana, onse akugonera mango owiritsa, wina alembedwa wina ayi. Wosiyidwayo amufotokozera bwanji? Amati mwina mfumu ili naye chifukwa, mwina akomiti anadya zawo. Kunena zoona, nthawi zambiri palibe amene walakwa. Nambala ndiyo yakwana.

Pali chinthu china chokhudza Thyolo chimene ambiri sachidziwa. Kwa zaka zambiri, ndalama za Mtukula Pakhomo m'maboma ena onse zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja: Germany, European Union, Ireland ndi World Bank. Boma limodzi lokha ndi limene linasiyidwa kuti lizilipiridwa kuchokera m'thumba la boma la Malawi, ndipo bomalo ndi Thyolo. Ndiye amene akufuna kudziwa ngati thumba lathu limasunga pangano kwa osauka popanda mzungu kuimirira pambali, asavutike n'kupita kutali. Akafunse olandira ku Thekerani kuti ndalama yawo imafika mwezi uti, ndipo imagula chiyani.

Malonjezo kwa okalamba sanayambe lero. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 13, amanena kuti boma lizilemekeza ndi kuthandiza okalamba. Koma gawo lotsatira, la 14, limafotokoza kuti mfundo zimenezi n'zongotsogolera boma, choncho n'kovuta kuti agogo akasume kukhoti kuti sanathandizidwe. Malemu Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo konko, anakhazikitsa unduna woona za olumala ndi okalamba, n'kuyambitsanso bungwe lawo la Silvergrey Foundation. Mu 2016 kunatuluka ndondomeko ya dziko yoona za okalamba. Pa kampeni ya 2020 a mgwirizano wa Tonse analonjeza K15,000 pamwezi kwa aliyense wa zaka 65 kupita m'tsogolo. Kwacha inagwa mu May 2022, inagwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo pofika chisankho cha September 2025 ndalamayo inali isanaoneke m'manja mwa agogo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Uyu ndiye sanafike n'pachala pomwe.

Ndipo tisaiwale kuti lamulo likhoza kukhala m'buku zaka 100 osagwira ntchito. Lamulo la ufiti la 1911, la atsamunda, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Lilipo mpaka lero. Koma mu January 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi a banja limodzi, ati ndi amene anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana. Bungwe la MANEPO, lomwe limalumikizitsa mabungwe a anthu okalamba, lakhala likulira chaka ndi chaka za kuphedwa kotere. Wapolisi akakhala kutali, alibe galimoto, alibe mafuta, lamulo la 1911 ndi la 2024 onse amangofanana.

Tsono tifike pa mawu aja akuti "kulumikizitsa ntchito", amene ali pamtima pa lamulo latsopanoli. Kwa akuluakulu a m'maofesi, mawu amenewa amatanthauza misonkhano ku Mangochi kapena ku Salima, ma alawansi ali m'thumba. Kwa agogo a ku Thekerani amatanthauza chinthu china, chifukwa mavuto awo anamwazikana m'makomo ambiri. Miyendo ikatupa, ndi nkhani ya unduna wa zaumoyo. Mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi akasowa pachipatala chapafupi, ulendo ndi wa ku boma kapena ku Malamulo, chipatala cha mpingo komwe pamafunika kandalama. Chiphaso cha unzika chikatayika ndi madzi a Freddy, ndi ofesi ina. Popanda chiphasocho, feteleza wotsika mtengo palibe, Mtukula Pakhomo palibe. Mdzukulu akalanda munda, ndi kwa amfumu. Akamenyedwa, ndi kupolisi. Ofesi ya zachisamaliro cha anthu nayo ili ku boma. Khomo lililonse lili ndi mzere wake, tsiku lake, ndi "mubwere mawa" wake. Ndipo pakati pa khomo ndi khomo pali phiri, pali kabaza wofuna ndalama.

Kulumikizitsa kwenikweni n'koti maofesi ayende, osati agogo. Mphamvu zinaperekedwa kale ku makhonsolo ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998. Chikuletsa n'chiyani kuti khonsolo ya Thyolo iike tsiku limodzi pamwezi, namwino, wa zachisamaliro cha anthu, wa ziphaso ndi wapolisi akhale pamalo amodzi pa Thekerani, wokalamba athane nazo zonse tsiku lomwelo? Alangizi a zaumoyo amayenda kale m'midzi kukayeza ana sikelo, ndipo amadziwa nyumba iliyonse yomwe muli nkhalamba yogona yokha. Kaundula wa okalamba akhoza kuyambira pa iwowa. Zimenezi sizifuna mabiliyoni. Zikufuna galimoto imodzi, mafuta, ndi bwana mmodzi amene angafunsidwe zikapanda kuchitika.

Palinso kachinthu kakang'ono koma kovuta: zaka. Ambiri mwa agogowa alibe kalata yobadwira. Ukawafunsa amati "ndinabadwa chaka cha njala ija", kutanthauza 1949, kapena "pa chipolowe cha Chitaganya cha 1953 ndinali nditayamba kutunga madzi". Pa kalembera wa ziphaso wa 2017, zaka za anthu otere zinali zongoyerekeza. Tsiku limene ndalama idzayambe kuperekedwa potengera zaka, padzapezeka nkhalamba zoyenda ndi ndodo zomwe chiphaso chikuti zili ndi zaka 55. Njira yokonzera zimenezi iyenera kukhalapo ndalama isanayambe, apo ayi tidzamva kuti "kompyuta yakukanani".

Nanga ndalama zichokera kuti? Funso limeneli ndi loona, sindikulinyoza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, ndipo a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi 5 pa 100 alionse. Masamu ake ndi osavuta: okalamba 100,000 alionse, pa K15,000 pamwezi, ndi K18 biliyoni pachaka. Si ndalama yochepa. Koma anzathu osalemera kwenikweni anayamba. Lesotho inayamba mu 2004 kupereka penshoni kwa anthu a zaka 70 kupita m'tsogolo. Zanzibar inatsatira mu 2016, Kenya mu 2018, onse poyambira zaka 70. Ngakhale kutsidya kwa Ruo, ku Mozambique, boma lili ndi thandizo la mwezi ndi mwezi lomwe ambiri olandira ndi okalamba. Maganizo anga ndi akuti nafenso tiyambire pa 70, koma aliyense wofika msinkhu umenewo alandire, popanda komiti yosankha kuti uyu ndi wosauka uyu ayi. Zaka n'zosavuta kutsutsirana kusiyana ndi umphawi, ndipo ndale zimavutika kulowapo. Thumba likadzakula, tidzatsitse mpaka 65, kenaka 60 monga lamulo likunenera za msinkhu wa wokalamba.

Inu a geni mu Limbe, ku Ndirande, ku Lilongwe kwa Tsoka, nkhaniyi musaione ngati ya kumudzi. Pakali pano unduna wa okalamba ndinu. Foni ikalira kuti amayi adwala, mpamba wa kaunjika ndi umene umadulidwa n'kutumizidwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Komanso palibe bwana amene akukusungirani 10 kwacha pa 100. Wogulitsa tomato wa zaka 40 lero adzakhala pa mzere womwewu mu 2040 ndi kanthu, miyendo itakana kukapikula ku Bvumbwe m'mamawa. Inunso ophunzira, makamaka a zamalamulo ku Zomba, lamuloli lili m'Chingerezi. Amene akuyenera kulidziwa amalankhula Chichewa ndi Chilomwe, ndipo ambiri maso anachita chidima. Tchuthi chimodzi chokha chikhoza kukwana kulimasulira n'kukaliwerenga pabwalo la amfumu.

Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April, ndipo bajeti imakambidwa ku Nyumba ya Malamulo miyezi iwiri ya m'mbuyo mwake. Phungu wa kwanu akadzabwera pamaliro kapena pa mpira wa bonanza, mufunseni zinthu zitatu: mu bajeti muli ndalama zingati za okalamba, ziyambira pa zaka zingati, ndipo wa ku Thekerani akazilandirira pakhomo liti.