Gemu Ikumadukaduka? Musanagule Graphics Card, Dziwani Kaye Chomwe Chikudwala

Gemu ikayamba kudukaduka pa intaneti, mlandu umagwera graphics card nthawi yomweyo. Munthu wawomberedwa asanamuone n'komwe mdani, basi wayamba kufunsa mitengo m'mashopu a makompyuta ku Limbe kapena ku Old Town, mwinanso kusakasaka amene akugulitsa yogwiritsidwa kale ntchito. Koma zida izi zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe chida cha kompyuta chimene tingachitchule kuti n'chotchipa. Khadi yabwinoko imatha kudya ndalama imene munthu wasunga miyezi ingapo. Chowawa n'chakuti ena amagula, kuika bwinobwino, koma gemu n'kumadukabe ngati kale.

Chifukwa chake n'chakuti pali matenda awiri amene amaoneka ofanana pa sikirini. Graphics card imachiza amodzi okha.

FPS ndi ping si chinthu chimodzi

Gemu imene mukuiona pa sikirini ndi zithunzi zambirimbiri zosinthana mwachangu. FPS ndi chiwerengero cha zithunzi zimene kompyuta yanu ikujambula pa sekondi imodzi. Pa 60 FPS maso amaona zinthu zikuyenda mosalala. Pa 30 zimaseweredwabe koma zimalemera. Zikatsika kufika 15 kapena 20, ndiye mumachita kuona chithunzi chilichonse pachokha. Ntchito yojambula imeneyi imachitikira m'bokosi lanu momwemo, ndipo mwini wake wamkulu ndi graphics card, mothandizana ndi purosesa ndi RAM.

Ping ndi nkhani ina. Mukadina batani kuti muwombere, uthenga umachoka pa kompyuta yanu kupita ku seva ya gemuyo, kenako yankho limabwerera. Nthawi ya ulendo wopita ndi kubwera umenewu ndiyo ping, ndipo imayezedwa mu ms, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Ping ikakwera, kapena mauthenga ena akamatayika m'njira, mumaona zodabwitsa: mwathamanga n'kubisala kuseri kwa khoma koma mwafabe, kapena munthu wanu akubwezedwa pamalo pamene anali masekondi awiri apitawo. Zikatere zithunzi zikhoza kukhala zosalala bwinobwino, FPS ili pa 100, koma gemu yosaseweredwa.

Ndiye mukagula khadi yamphamvu pomwe vuto lili pa netiweki, mwangogula zithunzi zokongola za imfa yomwe ija. Zoona, FPS yokwera imathandiza kuti mausi imveke yopepuka m'manja, koma pa ping sichotsapo ngakhale ms imodzi.

Yezani kaye, n'zaulere

Safunsa anadya phula. Kompyuta yanu ikhoza kukuuzani yokha chomwe chikuivuta, ndipo mayeso ake sadya ndalama.

Poyamba yatsani chiwerengero cha FPS ndi ping kuti zizioneka mukamasewera. Magemu ambiri ali nazo m'ma settings, ndipo Steam ili ndi chowerengera FPS chakechake. Gemu ikaduka, yang'anani nambala imene yasintha. Imeneyo ndiyo ikukulozerani wolakwa.

Kachiwiri, sewerani gemu yomweyo popanda intaneti, monga kulimbana ndi ma bot mu Counter-Strike 2 kapena Dota 2. Ngati ikuyenda bwino muli nokha koma n'kumavuta mukalowa pa intaneti, kayikirani netiweki kaye.

Kachitatu, tsitsani zonse zokhudza maonekedwe: mithunzi, ma texture, komanso resolution kuchoka pa 1080p kufika pa 720p. Ngati FPS yalumpha kwambiri, ndiye khadi ndiyo imalemedwa, ndipo yatsopano idzathandiza. Ngati FPS yangokhala pomwepo ngakhale zithunzi zanyansa, khadi ilibe mlandu. Amene akuchedwetsa ndi purosesa kapena RAM.

Mukhozanso kudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, n'kupita pa Performance gemu ili mkati. Pulogalamu yaulere ya MSI Afterburner imaonetsa zimenezi bwino kwambiri pa sikirini pomwepo. Khadi ikamagwira ntchito pafupi ndi 100 peresenti nthawi zonse, yafika polekezera. Ikamangokhala pa theka uku gemu ikutsamwa, ndiye ikudikira chida china. Onaninso kutentha kwake. M'nyengo ya Okutobala, ndi fumbi lathuli, fani imatsekeka, ndipo khadi ikatentha mopitirira imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Nthawi zina mankhwala ake ndi kungotsegula bokosi n'kupukuta fumbi.

Chifukwa chake ping yathu imauma mutu

Apa pali zina zimene ndalama sizingasinthe. Mu waya wa fibre uthenga umayenda pafupifupi makilomita 200 pa ms iliyonse. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Frankfurt, kumene kuli ma seva ambiri a ku Ulaya, ndi makilomita oposa 7,000 molunjika. Kupita ndi kubwera ndi oposa 14,000, kutanthauza kuti 70 ms yapita kale ngakhale waya utakhala wowongoka ngati chingwe cha mmisiri. Koma sikuti ndi wowongoka. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadutsa kaye m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kuti ikalumikizane ndi mawaya apansi pa nyanja ngati SEACOM ndi EASSy, amene amazungulira gombe. Paliponse pamene uthenga waima, nthawi ikuwonjezeka.

Johannesburg ili pafupifupi makilomita 1,500 kuchokera ku Lilongwe. N'chifukwa chake kusankha seva kumathandiza kuposa kugula chida chilichonse. Kampani ya Valve ili ndi ma seva ku South Africa a Dota 2 ndi Counter-Strike 2, ndiye ngati gemu yanu imalola kusankha dera, yambani ndi kumeneko. Musanazolowere gemu yatsopano, fufuzani ngati ili ndi seva ku Africa kuno.

Zina zili m'nyumba mwanu momwemo. Wi-Fi imataya mauthenga, makamaka rauta ikakhala kuchipinda china kuseri kwa makoma a njerwa. Waya wa Ethernet ndi wotchipa poyerekeza ndi khadi iliyonse, ndipo umakhazikitsa ping. Ngati mumadalira foni, ilumikizeni ku kompyuta ndi waya wa USB m'malo mwa hotspot. Onetsetsaninso kuti Windows kapena Steam sizikukoka ma update kumbuyo, komanso kuti m'bale wanu sakuonera TikTok pa bandulo yomweyo. Gemu payokha sifuna liwiro lalikulu la intaneti, imafuna intaneti yokhazikika. Kuti muone ngati yanu ili yokhazikika, tsegulani Command Prompt n'kulemba ping -n 50 8.8.8.8. Manambala akamalumphalumpha, kapena mukamaona Request timed out pafupipafupi, vuto mwalipeza. Yesani masana komanso madzulo, poti nthawi imene aliyense waweruka ndi pamene nsanja za netiweki zimadzaza.

Ngati ilidi khadi, bokosi lanu liilandira?

Tinene kuti mayeso aonetsa kuti khadi ndiyo yatopa. Musathamangebe. Choyamba, ngati muli ndi laputopu, nkhani yathera pomwepa. Pafupifupi malaputopu onse graphics yake ndi yowotcherera pa bolodi, sichotsedwa. Chimene mungachite ndi kuwonjezera RAM, kuika SSD ndi kupukuta fumbi.

Kwa a desktop, funso loyamba ndi la magetsi. Ambiri a ife tili ndi makompyuta amene anapuma ntchito m'maofesi, monga Dell OptiPlex kapena HP ProDesk. Aang'ono aja power supply yake nthawi zambiri imakhala pakati pa 180W ndi 255W, ilibe waya wa mapini 6 kapena 8 wodyetsera khadi, ndipo mapulagi ake ndi akeake moti kusintha power supply n'kovuta. Polowera khadi pa bolodi, pa PCIe, pamapereka magetsi osapitirira 75W. Ndiye mu kompyuta yotere mungaike makhadi okhawo amene safuna waya wapadera: GTX 1050 Ti ya 2016, GTX 1650 ya 2019, RX 6400, kapena RTX 3050 ya 6GB imene inatuluka mu 2024. Ngakhale pa amenewa, onani khadi yeniyeniyo ndi maso, chifukwa mitundu ina ya GTX 1650 imafunabe waya wa mapini 6. RX 6400 nayo imafooka ikaikidwa pa bolodi yakale ya PCIe 3.0.

Ngati muli ndi bokosi lalikulu ndi power supply yabwino, mpata ulipo wambiri. RX 580 ya 2017 imadya 185W ndipo imafuna power supply ya 500W. GTX 1660 Super ili ndi 6GB ndipo imadya 125W. RX 6600 ili ndi 8GB pa 132W, pomwe RTX 3060 ya 12GB imadya 170W ndipo Nvidia imalangiza power supply ya 550W. Tsegulani bokosi muwerenge chomata cha pa power supply yanu. Yopanda dzina, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, musaidalire ngakhale italembedwa 600W. Ikapsa imatha kupita ndi khadi yatsopano ija pamodzi ndi bolodi.

Funso lachiwiri ndi la kukula. Mabokosi opyapyala amafuna khadi ya low profile, yokhala ndi kachitsulo kakafupi kumbuyo. Tengani rula muyeze malo musanapite kushopu.

Funso lachitatu ndi la purosesa. Kuika RTX 3060 pa purosesa ya ma core awiri ya zaka khumi zapitazo kuli ngati kuika injini ya lole pa njinga ya kabaza. Magemu opikisana ngati Counter-Strike 2 amadalira kwambiri purosesa. RAM nayo ikhale yosachepera 8GB, ndipo 16GB ndiyo yopumira bwino masiku ano. Ikakhala timitengo tiwiri tofanana m'malo mwa kamodzi, imathamanga bwino.

Musaiwale sikirini. Ya 60Hz imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi basi, ngakhale khadi itajambula 200. Komanso makhadi atsopano alibe polowera VGA, pulagi ya buluu ija. Ngati sikirini yanu ili ndi VGA yokha, muikiretu pa bajeti kachida kosinthira HDMI kupita ku VGA.

Misampha ya pa kaunjika

Ambiri tigula yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo palibe cholakwika. Koma pali misampha yodziwika. Pali makhadi abodza, akale kwambiri monga GTS 450, amene anthu amawasintha kuti kompyuta iziwerenga ngati GTX 1050 Ti. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imawagwira ambiri oterewa. Chizindikiro china ndi polowera VGA pa khadi imene akuti ndi yatsopano, komanso mtengo wokoma mopitirira muyezo.

Pali makhadi amene ankakumba ndalama za crypto usana ndi usiku, omwe anasefukira pamsika Ethereum itasiya njira yokumba mu Seputembala 2022. RX 580 zambiri ndi za mtundu umenewu. Sikuti zonse n'zowonongeka, koma fani zake zimakhala zitatopa. Palinso RX 580 yolembedwa 2048SP, imene mphamvu zake n'zofanana ndi RX 570, choncho musailipire mtengo wa RX 580 yeniyeni. GT 1030 ili mitundu iwiri, ya GDDR5 ndi ya DDR4, ndipo ya DDR4 ndi yofooka kwambiri ngakhale dzina ndi limodzi. Za GT 710 ndi GT 730 ingozisiyani. Wogulitsa angakuuzeni kuti "ili ndi 4GB, bwana", koma kuchuluka kwa GB si mphamvu. Ndi kukula kwa nkhokwe chabe, osati liwiro la wolima.

Lamulo ndi limodzi: musatumize ndalama pa foni musanaione khadi ikugwira ntchito. Iikidwe mu kompyuta, muyatse gemu kwa mphindi 20 kapena 30, muone kutentha kwake, mumve kulira kwa fani, ndipo muyang'ane ngati pa sikirini sipakutuluka timadontho kapena mizere yachilendo. Wogulitsa wokana mayeso wakuuzani kale zonse.

Poika ndi pambuyo pake

Thimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze khadi. Ilowetseni mpaka kachotsekera kalire, imangeni ndi sikuluwu, n'kulumikiza waya wa magetsi ngati ikufuna. Waya wa sikirini ulowe pa khadi yatsopanoyo, osati pa bolodi pamene unali kale. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Ngati mukuchoka ku Nvidia kupita ku AMD, kapena kubwerera, chotsani ma driver akale ndi pulogalamu ya DDU, ndipo atsopano muwatenge kwa Nvidia kapena AMD eni ake.

Pomaliza, magetsi athu mukuwadziwa. Choopsa si kuthima kokha, komanso mphamvu imene amabwera nayo akamayaka. Surge protector yeniyeni, kapena UPS ngati thumba likulola, iwerengedwe ngati mbali ya mtengo wa khadi. Magetsi akathima, zulani pulagi mpaka abwere n'kukhazikika.

Ndiye musanapite kushopu Loweruka likubwerali, yatsani manambala awiri aja usiku uno n'kusewera gemu imodzi. Ikakhala FPS, werengani chomata cha power supply ndi kuyeza bokosi. Ikakhala ping, gulani waya wa Ethernet, sankhani seva ya ku Johannesburg, ndipo ndalama yotsalayo isungeni.